Ndere za M'nyanja ndi Khungu Lathu

M'nyanja ya mchere yozinga chilumba cha Jeju, ku South Korea, mumamera ndere zofiirira zotchedwa Ecklonia cava. Akatswiri anapeza kuti m'ndere zimenezi muli mankhwala, monga dieckol, amene amafooketsa tyrosinase. Tyrosinase ali ngati mmisiri amene amayambitsa ntchito yopanga melanin m'maselo a khungu, ndipo melanin ndiwo utoto umene umadetsa khungu, tsitsi ndi maso athu. Mmisiriyo akafooka, utoto umachepa. Zambiri mwa izi zaoneka pa maselo oyesedwa m'nyumba za kafukufuku, koma amalonda anayamba kale kuthira ndere m'mafuta odzola.

Ena adzati: "Nanga choipa n'chiyani? Si hydroquinone uja amene dziko la South Africa linaletsa m'zodzoladzola m'chaka cha 1990. Ichi n'chomera cholengedwa ndi Mulungu." Zoonadi, mankhwala osaononga thupi ndi mphatso, ndipo mai amene mimba yamusiyira mabanga akuda kumaso salakwa pofuna thandizo kwa dokotala. Komatu kufatsa kwa mankhwala sikuyankha funso lenileni, lakuti mtima ukufunanji. Kuchiza banga ndi nkhani ina, kukana nkhope yonse ndi nkhani inanso.

Tisaiŵale kuti melanin ndi chishango chotitchinjiriza ku ukali wa dzuŵa. Abale athu achialubino, amene matupi ao sapanga utoto wokwanira, amadziŵa bwino mtengo wake, pakuti khansa ya pakhungu imatenga ambiri a iwo asanakalambe. Kodi si zomvetsa chisoni kuti chimene wina akufa nacho pochisoŵa, mnzake akutayira ndalama kuti achichotse?

Manyazi aŵa sachokera m'botolo, amayambira pakhomo. Mwana woyererako timamtama kuti ndi kamzungu, pamene mbale wake timamseka kuti wada ngati makala. Mwana sayankha, koma mau otere amaŵasunga mumtima, ndipo tsiku limene adzalandira malipiro ake oyamba adzaloŵera kusitolo kukagula chimene tinammana.

Inu makolo, pa tsiku la Ubatizo munabwera ndi mwanayo kutchalitchi, ndipo Mulungu anamlandira ndi khungu lomwelo osapempha kuti liyambe layera. Muuzeni lero kuti ndi wokongola, asanakamve zina kwa wamalonda.