Chaona Mnzako Chapita, Mawa Chili pa Iwe

Akuluakulu amanena mwambi uwu akaona munthu akuseka tsoka la mnzake, kapena akuumitsa mtima pamene mnzakeyo akupempha thandizo. Amamukumbutsa kuti mavuto sakhala pakhomo limodzi. Masiku ano mwambiwu ukufunika kwambiri kuntchito, kumene munthu akangovala yunifolomu kapena kukhala pampando wa mu ofesi amayamba kuyankha kuti, "Ine ndangotumidwa," kapena, "Malamulo ake ndi omwewo, mayi."

Tiyerekeze kuti tili pachipatala chaching'ono cha kumudzi, nthawi yoweruka yakwana. Mayi watulukira thukuta lili kamukamu, mwana ali kumsana thupi litatentha, ndipo buku la kuchipatala waliiwala kunyumba chifukwa cha changu. Namwino wakiya kale kabati ya mankhwala, chikwama chili m'manja. Atamuuza kuti abwere mawa ndi bukulo, mwina palibe angamuimbe mlandu. Koma malungo a mwana sadikira mawa. Namwino amene amaika chikwama pansi, n'kuyeza magazi a mwanayo, n'kulemba zonse papepala loti adzaziike m'buku tsiku lina, sanalakwire ntchito yake. Buku lija analikhazikitsa pofuna kuteteza moyo wa mwana yemweyo, ndipo namwinoyo akudziwa kuti tsiku lina nayenso adzafika pakhomo la chipatala usiku, wake ali kumsana.

Ndisamveke ngati ndikuti chifundo chizipotoza lamulo paliponse. Woweruza amene wamasula wakuba chifukwa ndi mlamu wake, kapena wapolisi amene wasiya minibasi yopanda mabuleki idutse chifukwa dalaivala wadandaula za ana kunyumba, waiwala kuti okwera minibasiyo nawonso ndi anzake. Chifundo chotere n'chokondera, ndipo chimapha.

Vuto lenileni limabwera pamene lamulo la abwana likutuma munthu kuchita choipa. M'zaka za m'ma 1970, Albert Muwalo anali mlembi wamkulu wa chipani cha Malawi Congress, ndipo Focus Gwede anali mkulu wa nthambi ya polisi ya Special Branch. Nthawi imeneyo anthu ambiri anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ena ku ndende ya Mikuyu ku Zomba, ndipo mayina a awiriwa ankatchulidwa monong'ona. Mu 1976 onse awiri anamangidwa. Khoti lomwe linaweruza mlandu wawo woukira boma linawalamula kuti aphedwe. Muwalo ananyongedwa mu 1977, pomwe Gwede sanaphedwe koma anakhala m'ndende zaka zambiri. Mphamvu imene ankamangira anzawo ndi yomweyo inawamanga.

Mu Meyi 1983, nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa Nyumba ya Malamulo David Chiwanga, anaphedwa ku Thambani m'boma la Mwanza. Boma linalengeza kuti afa pangozi ya galimoto. Ulamuliro wa chipani chimodzi utatha mu 1994, bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi Jaji Mtegha linapeza kuti anaphedwa ndi apolisi. Apolisi amenewo analibe nawo chifukwa anthu anayi aja. Anatumidwa, ndipo anamvera. Mu Disembala 1995 khoti linamasula Dr Kamuzu Banda ndi John Tembo pa mlandu wa imfa za anthu anayiwa, koma amene anagwira ntchitoyo ndi manja awo anatsala ndi zimene anaona usiku umenewo moyo wawo wonse.

Ndikudziwa kuti kukana sikophweka. Wapolisi wa nthawi imeneyo akanakana, mwina akanatsatira yekha kumanda, ndipo kalaliki wa lero akakana kusainira cheke chachinyengo akhoza kusamutsidwira kutali kapena kuchotsedwa ntchito, ana ali pasukulu. N'chifukwa chake katunduyu sitiyenera kumusenzetsa wantchito yekha.

Aphunzitsi a ku sukulu ya apolisi ku Kanjedza, a m'sukulu za anamwino ndi inu nonse amene mumalemba anthu ntchito, pophunzitsa ana athu kumvera muwaphunzitsenso lamulo limene ayenera kulikana, muwauze kumene angakadandaule, ndipo akakana muwateteze.