Mzinda Wopemphera Masiku Atatu: Mfundo Zisanu ndi Ziwiri za Kusiyana kwa Zikhulupiriro

Mu Lusaka muli masiku atatu opatulika pa mlungu umodzi. Lachisanu masana mashopu ena a ku Kamwala amatseka zitseko, eni ake n'kulowera ku mzikiti. Loweruka m'mawa amayi a Dorika amadzaza maminibasi kupita kukasunga Sabata. Lamulungu likakwana, ku Kabwata kokhako mumamva kwaya ya ku St Paul's ya UCZ, misa ya ku Good Shepherd, ulaliki wa ku Kabwata Baptist, ndiponso masipika a timipingo tomwe tachita lendi zipinda za sukulu. Kalembera wa 2010 adapeza kuti mwa anthu 100 alionse a mu Zambia, 95 amadzitcha Akhristu. Mlendo atamva chiwerengerochi angaganize kuti tonse timamwera chikho chimodzi, koma ife eni mudzi tikudziwa kuti sizili tero. Nazi mfundo zomwe mbiri ya mzindawu ikutiphunzitsa.

1. Kusiyana kulipo, tisakuphimbe ndi nsalu

Pofuna mtendere, ambiri timathamangira kunena kuti Mulungu ndi mmodzi, kotero zonse n'chimodzimodzi. Mawuwa ngokoma kukhutu, koma amapeputsa zomwe anzathu amaziona kuti n'zolemera. Wa Sabata akakana ntchito ya Loweruka, ngakhale abwana awopseze kumuchotsa, kwa iye nkhaniyo ndi ya lamulo la Mulungu. Wa Baptist samabatiza khanda, pomwe Mkatolika ndi wa Reformed Church amabatiza. Wa Mboni za Yehova amakana kuikidwa magazi ngakhale ali m'kayakaya. Msilamu amalemekeza Yesu ngati mneneri, koma savomera kuti ndi Mwana wa Mulungu.

Ngakhale Baibulo la m'chinenero chathu lili ndi zipsera za kusiyanaku. Achipulotesitanti adakulira pa Buku Lopatulika la 1922, Akatolika pa Malembo Oyera, ndipo pomwe mbali ziwirizi zidagwirizana kutulutsa Buku Loyera mu 1998, dzina loti Yehova lidalowedwa m'malo ndi loti Chauta. Mpaka lero alipo agogo omwe salilandira. Ulemu weniweni umayamba pamene mwavomera kuti mnzanuyo akukhulupiriradi chinthu china, ndipo ali nacho chifukwa.

2. Za chikhulupiriro cha munthu, kafunseni mwini wake

Kandimverere adakanena za m'maluwa. Zambiri zomwe timadziwa za zipembedzo za anzathu tidazimvera m'minibasi, pa mpopi kapena kwa mlaliki yemwe sadapondepo pakhomo la anthu akuwanenawo. Ndimo mudabadwira nkhani zoti Akatolika amapembedza mafano, zoti Msilamu aliyense ali ndi mtima wa nkhondo, zoti wolemera msanga aliyense ndi wa satana. Mkatolika mutamufunsa angakuuzeni kuti amapempha Amayi Maria kuti amupempherere, monga momwe mungapemphere mnzanu. Mutha kutsutsana naye, komabe mukhala mukutsutsa zomwe iye amakhulupiriradi.

Ife a kum'mawa nkhaniyi timaidziwa bwino. Kwa zaka zambiri amishoni ankachotsa mumpingo aliyense wopita kudambwe, ndipo a Nyau nawo ankakokana ndi sukulu za mishoni polimbirana anyamata. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidalemekeza Gule Wamkulu ngati chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi, ndipo chaka chilichonse mu Ogasiti anthu a mipingo yosiyanasiyana amakwera mabasi ku Intercity kupita ku Kulamba ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi. Mkristu wina amati umenewo ndi mwambo wa makolo basi, wina amati n'kusakaniza kuwala ndi mdima. Onsewa ndi Achewa, ndipo mwina amapemphera pa benchi imodzi.

3. Magazi amakhetsedwa pamene wina wakakamiza mnzake

Ku Chinsali kudachokera anthu awiri omwe adamwa madzi a mishoni imodzi ya Lubwa. Wina ndi Kenneth Kaunda, mwana wa mphunzitsi ndi mlaliki wochokera ku Nyasaland. Wina ndi Alice Lenshina, yemwe mu 1953 adanena kuti adamwalira n'kubwezedwa ndi uthenga, kenako adayambitsa mpingo wa Lumpa. Mpingowu unkadana ndi ufiti, mitala ndi mowa, ndipo udakopa anthu zikwizikwi. Ufulu wa dziko utayandikira, a UNIP, chipani cha a Kaunda, ankafuna kuti munthu aliyense akhale ndi khadi la chipani. A Lumpa adakana, ena adaotcha makadiwo. Nyumba ndi matchalitchi zidayamba kupsa, a Lumpa adamanga midzi yawoyawo ya mipanda, ndipo mbali zonse ziwiri zidachita nkhanza. Mu Julaye ndi Ogasiti 1964, patangotsala miyezi yochepa kuti mbendera yatsopano ikwere pa 24 Okutobala, asilikali adathira nkhondo midziyo ku Chinsali ndi ku Lundazi. Anthu oposa 700 adafa, ambiri adathawira ku Congo, ndipo mpingowo udaletsedwa.

A Mboni za Yehova, omwe ambiri ankawatcha Achitawala, adakumana ndi zofanana. Ana awo ankachotsedwa sukulu chifukwa chokana kuimba nyimbo ya fuko ndi kuchitira sawatcha mbendera. Mlandu wa mmodzi wa anawo, dzina lake Kachasu, udafika ku khoti lalikulu mu 1967, ndipo boma ndilo lidapambana. Ku Malawi, komwe Mboni zidaletsedwa chaka chomwecho, zinthu zidafika poipa kwambiri mu 1972, pomwe zikwizikwi za anthu okana kugula khadi la chipani cha MCP adathawira ku Sinda Misale, m'chigawo cha kum'mawa kwa Zambia. Ambiri adafera pamsasapo ndi matenda. Chiletsocho chidachotsedwa mu 1993.

Taonani bwino pomwe padagona mkangano. Palibe adafera funso la Utatu Woyera kapena la tsiku lopembedza. Chidapha anthu ndi kapepala kokwana m'thumba la malaya, komanso mtima woti wokana kukanyamula ndi mdani. Lero a Mboni amaima phee m'mbali mwa Cairo Road ndi timashelefu ta mabuku awo, savota, sachitira sawatcha mbendera, ndipo dziko silidagwe.

4. Nzeru za ndale nazo zimafuna kugwadiridwa

Sikuti zikhulupiriro zimapezeka m'tchalitchi ndi mumzikiti mokha. Mu 1967 chipani cha UNIP chidavomereza Humanism, nzeru ya a Kaunda yoika munthu pakati pa zonse. Zambiri mwa mfundo zake zinali zodziwika kale m'midzi mwathu: kugawana, kusamala okalamba, kusadyerana masuku pamutu. Atsogoleri ambiri a mipingo sadaone vuto. Zinthu zidasintha pomwe dziko lidasanduka la chipani chimodzi, ndipo ena m'chipanimo adafuna kuti sosholizimu ya Karl Marx, yomwe imati chipembedzo n'chogonetsa anthu tulo, iziphunzitsidwa m'sukulu. Mu 1979 mabishopu a Katolika, bungwe la Christian Council of Zambia ndi la Evangelical Fellowship of Zambia adalemba kalata imodzi yochenjeza Akhristu za nzeru imeneyi. Sadakane chilungamo pa kagawidwe ka chuma. Adakana kuti boma lisankhire mwana wa munthu chokhulupirira.

Masiku ano Humanism idatsala m'mabuku a mbiri, koma njala yogwadiridwa sidathe. Imabwera itavala chitenje cha chipani, nthawi zina suti ya wamalonda wonena kuti msika ndiwo yankho la zonse. Nzeru iliyonse yomwe siifuna kufunsidwa mafunso muziyiyang'anitsitsa.

5. Dzina la dziko silitembenuza mtima wa munthu

Pa 29 Disembala 1991, pulezidenti wa nthawiyo, a Frederick Chiluba, adaima ku State House n'kulengeza kuti Zambia ndi dziko la Chikhristu. Mu 1996 mawuwa adalowa m'mawu oyamba a malamulo aakulu a dziko, ndipo adatsalamo pomwe malamulowo adakonzedwanso mu 2016, limodzi ndi lonjezo la ufulu wa chipembedzo. Chodabwitsa n'chakuti mtsutso waukulu pa nkhaniyi udabuka pakati pa Akhristu okhaokha. Ambiri a Pentekoste adaona ngati pangano lomwe libweretsa madalitso pa dziko. Mabungwe aakulu a mipingo adadandaula kuti sadafunsidwe, ndipo Akatolika akhala akunena kuti dziko limaoneka Chikhristu chake ndi ntchito: momwe likusamalira amphawi, odwala ndi akaidi.

Mkokemkokewu udakalipo. A Edgar Lungu, ali pulezidenti, adakhazikitsa 18 Okutobala ngati tsiku la mapemphero a fuko mu 2015, ndipo chaka chotsatira adatsegula unduna woona za chipembedzo. Mipingo ina idakondwa, ina idati khoswe akakhala pamkhate sapheka: m'busa wodya patebulo la boma adzalephera kulidzudzula. Boma la a Hakainde Hichilema, omwe ndi a Sabata, litalowa mu 2021, undunawo udasiya kuima pawokha.

Mulimonse momwe mukuonera, kumbukirani nzika zomwe dzinali silizikhudza: Mhindu wopita kukachisi wake pafupi ndi Kamwala, Msilamu wa ku Makeni, wa Bahai, ndi uja wosapemphera konse. A Simon Zukas, obadwira m'banja la Chiyuda, adathamangitsidwa m'dziko muno ndi atsamunda mu 1952 chifukwa chomenyera ufulu wa anthu akuda. Ufulu womwe tikupemphereramo lero adauvutikira ndi anthu a zikhulupiriro zambiri.

6. Kusiyana kowawa kwambiri kumakhala m'nyumba imodzi

Kulekerera Mhindu n'kosavuta, poti simukumana naye pamsonkhano wa akuluampingo. Chovuta ndi mbale wa mumpingo mwanu. A Emmanuel Milingo, mwana wa ku Chipata, adakhala arkibishopu wa Lusaka mu 1969. M'zaka za m'ma 1970 adayamba mapemphero a machiritso ndi kutulutsa ziwanda, ndipo khamu la anthu linkawatsata, poti ankayankha mantha omwe munthu wa kuno amagona nawo. Ansembe ena adaona kuti zapyola malire. Mu 1982 adaitanidwa ku Rome, ndipo mu 1983 adatula pansi udindo wa Lusaka. Zomwe zidatsatira, ukwati wa mu 2001 ndi kuchotsedwa mumpingo mu 2006, zidawawitsa mitima ya ambiri omwe adawakonda.

Funso lomwe adasiya likadali moyo. Kodi matenda, ulova ndi kusabereka zimachokera ku mizimu, kapena ku zinthu zomwe dokotala ndi boma angakonze? Ku Chelstone ndi m'makomboni ozungulira, anthu amagona kumapemphero a usiku wonse kwa "apapa", kufesa mbewu ya ndalama ndi kugula mafuta odzozedwa. Ku Kabwata Baptist, abusa a Conrad Mbewe, omwe akhala pampingowo kuyambira 1987, akhala akulemba ndi kulalikira kuti aneneri ena angotenga malo a sing'anga wa kumudzi. Onsewa anyamula Baibulo limodzi. Poweruza, yang'anani zipatso. Chiphunzitso chouza wodwala kuti ataye ma ARV, kapena choloza agogo chala kuti ndi mfiti, chadutsa malire a kusiyana maganizo, chayamba kuononga moyo. Kulemekeza chikhulupiriro cha munthu sikutiletsa kutchula choipa ndi dzina lake.

7. Osiyana mapemphero atha kusenza denga limodzi

Mu Julaye 1991, dziko lili pamphambano, a Kaunda ndi a Chiluba ankakanganirana malamulo aakulu atsopano a dziko chisankho chisanachitike. Atsogoleri a mipingo adawakhazika pansi mu Cathedral of the Holy Cross ya Anglican, ndipo chisankho cha pa 31 Okutobala chidachitika mwamtendere. Patapita zaka khumi, pomwe a Chiluba adafuna kuimanso kachitatu, mabungwe atatu aja a mipingo adagwirana manja ndi bungwe la maloya ndi la amayi mu Oasis Forum, mpaka maganizowo adalephereka. Palibe adasiya chiphunzitso chake kuti zimenezi zitheke. Mkatolika adatuluka ali Mkatolika, wa Pentekoste ali wa Pentekoste.

Nzeru imeneyi anthu wamba adali nayo kale. Maliro akagwa, kaya ku mayadi a ku Kabulonga kaya m'tinyumba ta ku Kabwata, palibe amaima pachipata kufunsa khadi la ubatizo. Amayi a Dorika, a Chigwirizano ndi a Legio amaphika nsima pa moto umodzi, neba wa Chisilamu amabwereketsa galimoto yokatenga nkhuni, ndipo kwaya ikatopa ina imalandira. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, osayamba wamufunsa komwe amapemphera.

Mukapeza mpata, kayendeni ku Chilenje, pakati pa Kabwata ndi Woodlands. Kumeneko kuli nyumba nambala 394 momwe a Kaunda ankakhala kuyambira 1960 mpaka 1962, yomwe lero ndi malo osungirako mbiri. Ku Chilenje komweko ndiko Alice Lenshina adatsirizira moyo wake mu 1978, ali pa ukaidi wosachoka panyumba. Ana awiri a ku Lubwa, aliyense wotsimikiza kuti akutumikira Mulungu ndi anthu, adadzakhala m'dera limodzi pa nthawi zosiyana, pakati pawo pali manda a anthu mazanamazana. Mukamabwerera, dzifunseni kuti ndi khadi lanji lomwe inu mumafuna kuti mkazi wanu, mwana wanu kapena wantchito wanu anyamule kuti mumuwerengere ngati munthu.