Mzere Ukasanduka Chinthu: Mangawa a Dzanja Lojambula ndi Pulasitiki

Kuyambira kalekale, kujambula chinthu ndi kupanga chinthu zakhala ntchito ziwiri zosiyana, ngakhale pamene zonse zikugwiridwa ndi manja a munthu mmodzi. Kalipentala amayamba walemba chithunzi cha mpando papepala, ndipo akaona kuti mwendo umodzi watalika amafufuta n'kulembanso. Pa nthawi imeneyi palibe thabwa limene ladulidwa, palibenso msomali umene wakhomedwa. Chojambula ndi malo amene maganizo amaloledwa kulakwa popanda kulipira mtengo waukulu. Koma kuyambira m'chaka cha 2013 pamsika pali chipangizo chimene chasokoneza malire amenewa. Chipangizochi ndi cholembera cha 3D, chimene mzere wake sugona papepala, koma umaimirira n'kukhala chinthu chogwirika ndi manja. Tsono ngati kujambula ndi kupanga zasanduka ntchito imodzi, kodi wogwira cholemberachi akadali ndi ufulu wa wojambula, kapena wasenza udindo wa mmisiri?

Kagwiridwe ntchito ka cholemberachi n'kosavuta kukamvetsa. Kumbuyo kwake amalowetsako pulasitiki wooneka ngati waya, wokhuthala mamilimita 1.75 kapena 3. Kainjini ka magetsi kamene kali m'kati kamakankhira pulasitikiyo kutsogolo, kumene kuli kamlomo kotentha pafupifupi madigiri 200. Pulasitikiyo amatuluka ali wofewa ngati ulimbo, ndipo pakangopita masekondi ochepa amauma. Chifukwa cha kuuma msangaku, munthu atha kuyamba mzere patebulo, n'kukweza dzanja pang'onopang'ono, mzerewo n'kumutsatira m'mwamba osagwa. Mizere yotere ikalumikizidwa imabala kanyumba, duwa, mbalame kapena chilichonse chimene dzanja lingathe. Mitundu ya pulasitiki imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi iwiri: ABS, wochokera ku mafuta a pansi pa nthaka, yemwenso amapangira tinjerwa toseweretsa ta LEGO, ndi PLA, wochokera ku zomera monga chimanga ndi nzimbe.

Mbiri ya cholemberachi imazungulira n'kubwerera pamene idayambira. M'chaka cha 1988, injiniya wa ku America, Scott Crump, adafuna kupangira mwana wake wamkazi kachule koseweretsa. Adagwiritsa ntchito chipangizo cha pamanja chofinyira guluu wotentha, n'kumasanjikiza zosungunukazo mzere pamwamba pa mzere. Ataona kuti ntchitoyi itha kugwiridwa ndi makina oyendetsedwa ndi kompyuta, adalembetsa luso lakelo m'chaka cha 1989, ndipo ndi limene makina ambiri a 3D printer amatsata. Dzanja lidapereka ntchito yake kwa makina. Patapita zaka zoposa 20, m'chaka cha 2012, Peter Dilworth ndi Maxwell Bogue, akugwira ntchito m'tauni ya Somerville ku Massachusetts, adadikira maola 14 kuti makina otere amalize chinthu china, koma adapeza kuti makinawo adumpha mzere umodzi. Adalakalaka atangotenga kamlomo ka makinawo m'manja n'kumata pamene padatsalapo. Umu ndi mmene chidabadwira cholembera cha 3Doodler. Mu February 2013 kampani yawo ya WobbleWorks idapempha anthu kudzera pa Kickstarter kuti asonkhe madola 30,000 oyambira ntchito, ndipo anthu adasonkha madola oposa 2 miliyoni. Ntchito imene dzanja lidapereka kwa makina idabwereranso m'dzanja.

Anthu oganiza mwakuya adayamba kalekale kusinkhasinkha za mpata umene uli pakati pa chithunzi ndi chinthu. Plato, m'gawo la 10 la buku lake la Republic, adapereka chitsanzo cha bedi. Iye adati pali mabedi atatu: ganizo lenileni la bedi, bedi limene kalipentala amapanga, ndi bedi limene wojambula amalemba. Kwa iye wojambula ndiye wotsiriza, chifukwa amangotsanzira maonekedwe a chinthu chimene sadziwa kapangidwe kake, ndipo pabedi lake palibe angagonepo. Pliny Wamkulu, mlembi wa ku Rome, adasimba nkhani ina. Mtsikana wina wa ku Corinth, poona kuti bwenzi lake likupita kutali, adalemba mzere pakhoma motsatira chithunzithunzi cha nkhope ya mnyamatayo powala nyale. Bambo wake, woumba mbiya wotchedwa Butades, adamata dongo m'kati mwa mzerewo n'kuliwotcha. M'nkhani zonse ziwiri, wolemba mzere ndi wina ndipo woupatsa thupi ndi winanso. Cholembera cha 3D chimaika mtsikanayo ndi bambo wake m'dzanja limodzi, ndipo wojambula wa Plato sangadzikhululukirenso ponena kuti iye amangochita ndi maonekedwe.

Zimenezi zili ndi ubwino wake, ndipo ubwinowo ndi waukulu. David Pye, mphunzitsi wa luso lopanga mipando ku Royal College of Art ku London, m'buku lake la m'chaka cha 1968 adasiyanitsa mitundu iwiri ya umisiri. Mtundu woyamba ndi umene zotsatira zake zimadziwikiratu ntchito isanayambe, monga mmene amachitira makina osindikiza mabuku. Mtundu wachiwiri ndi umene ntchito itha kuwonongeka nthawi ina iliyonse, chifukwa ikudalira kusamala, luso ndi nzeru za woigwira. Makina a 3D printer ali m'gulu loyamba: munthu amakonza zonse pakompyuta, n'kudina batani, n'kupita kukagona. Cholembera chili m'gulu lachiwiri. Dzanja likathamanga, mzere umaonda n'kuduka. Likachedwa, pulasitiki amaunjikana n'kupanga chibuluma. Wophunzira amazindikira msanga kuti kuthamanga sikufika, kuti khoma lopanda mzati limagwa, ndiponso kuti chinthu chili ndi kumbuyo kumene chithunzi cha papepala chimabisa. Iyi ndi nzeru imene imalowa kudzera m'zala. M'nyengo imene ana ambiri akuona dziko kudzera pagalasi losalala la foni, chipangizo chowakumbutsa kuti zinthu zimalemera, zimatentha ndiponso zimathyoka sichiyenera kunyozedwa. Komanso mzere wotukuka umamveka ukakhudzidwa, choncho wophunzira wosaona atha kuzindikira ndi zala mapu kapena chithunzi cha masamu chimene kale ankangochimva chikufotokozedwa.

Komabe pali chinthu chimene chatayika pamene ntchito ziwirizi zalumikizana. Mpata wa pakati pa kujambula ndi kupanga sudali nthawi yongowonongeka ayi. Udali nthawi yodzifunsa ngati chinthucho n'chofunikadi. Woumba mbiya ali ndi masiku angapo pakati pa kuumba ndi kuwotcha, ndipo mbiya ikapindika isanapse amaiphwanya, n'kunyowetsa dongo, n'kuyambiranso. Wosema amayamba wayang'anitsitsa mtengo asanautere sompho, chifukwa mtengowo wauvutikira kuupeza. Wogwira cholembera cha 3D ali ndi masekondi ochepa chabe. Ganizo lililonse limene ladutsa m'mutu mwake, labwino kapena lachabe, limatuluka litavala kale thupi. Chimene papepala chikadakhala choyeserera chofufutika, pano chimakhala chinthu chofuna malo pashelefu kapena kudzala. N'zoona kuti pulasitiki wotere atha kusungunulidwanso, koma pamafunika makina ogaya ndi kupanganso waya, amene m'nyumba ndi m'masukulu ambiri mulibe. Kwa wojambula wamba, madzi akatayika saoleka.

Apa ndiye pagona nkhani ya mangawa. Pa umisiri umene Pye ankauyamikira, wolakwitsa ndiye ankalipira: kalipentala akadula thabwa molakwika, thabwa lotayikalo ndi lake, tsiku lotayikalo ndi lakenso. Pa cholembera cha pulasitiki, wolakwitsa amataya zochepa kwambiri, kachidutswa ka waya ndi mphindi zingapo, koma cholakwikacho chimatsala padziko nthawi yaitali kuposa chidwi cha amene adachipanga. Wochilipirira ndi munthu wina amene sadafunsidwe: wotola zinyalala, mlimi amene adzachifukule m'munda, kapena mwana amene sanabadwe. Kafukufuku amene Roland Geyer, Jenna Jambeck ndi Kara Lavender Law adasindikiza m'chaka cha 2017 adapeza kuti pofika m'chaka cha 2015 dziko lidali litapanga matani pafupifupi 8.3 biliyoni a pulasitiki. Mwa pulasitiki amene adasanduka zinyalala, magawo 9 okha pa 100 alionse ndi amene adakonzedwanso, magawo 12 adatenthedwa, ndipo magawo 79 adaunjikidwa kumalo otayako zinyalala kapena adamwazikana pamtunda ndi m'madzi. Ngakhale PLA, amene amatamandidwa kuti amawola, amawola bwino m'malo okonzedwa mwapadera, achinyontho ndi otentha pafupifupi madigiri 60. M'dothi wamba kapena m'nyanja amatha zaka ali momwemo.

Wina atha kutsutsa, ndipo mfundo yake ndi yomveka. Pulasitiki yense wotuluka m'zolembera zotere ndi wochepetsetsa pomuyerekeza ndi wa mabotolo, majumbo ndi zokutira katundu. Kodi si chinyengo kudzudzula mwana amene wapanga kagulugufe pamene mafakitale akutulutsa matani ankhaninkhani? Komanso kusewera sikungayende ngati mzere uliwonse uyamba wazengedwa mlandu. Luso limakula chifukwa cha kulakwitsa, ndipo amene amaopa kuwononga sadzaphunzira kupanga. Kuletsa cholemberachi pofuna kuteteza chilengedwe kungakhale kupha mbewa n'kusiya njovu zikudya m'munda.

Yankho ndi lakuti kulemera kwa nkhaniyi sikuli pa kuchuluka kwa pulasitikiyo, koma pa khalidwe limene dzanja likuphunzira. Matani mabiliyoni aja sadapangidwe ndi anthu a mtima woipa. Adaunjikana chifukwa cha chizolowezi choganiza kuti chinthu chosavuta kupanga n'chosavutanso kuchiiwala, ndipo pang'onopang'ono ndi mtolo. Anthu ambiri amakumana ndi pulasitiki atapangidwa kale, osadziwa kumene wachokera, choncho n'kosavuta kuti adzione ngati osalakwa. Cholembera cha 3D n'chosiyana. Ndi amodzi mwa malo ochepa kumene munthu wamba, ngakhale mwana, amakhala yekha fakitale: amamva fungo la pulasitiki akusungunuka, amaona chinthu chikubadwa m'manja mwake, ndipo mawa lake amaona yekha chikuthera mubini. Chipangizo chomwechi chitha kuphunzitsa zinthu ziwiri zotsutsana. Chitha kuphunzitsa kuti dziko ndi pepala lalikulu loti munthu azilembapo chilichonse, kapena kuti chilichonse chimene munthu wachibweretsa padziko chimafuna kokhala. Chimene chiphunziridwe chikudalira kholo, mphunzitsi ndi wojambula mwini.

Kuti kusewera ndi kusamala zitha kuyendera limodzi, umboni wake ulipo. Kujambula m'malere sikudayambe ndi pulasitiki. Ku Paris, kuyambira m'chaka cha 1926, Alexander Calder ankapinda mawaya n'kupanga nkhope za anthu ndi nyama, mizere yoima yokha popanda pepala. M'mizinda ndi m'midzi ya kuno kummwera kwa Africa, ana akhala akupanga magalimoto a mawaya, okhala ndi chiwongolero chachitali ndi matayala otembenuka, popanda kumva za Calder. Galimoto ya mawaya ndi chojambula chogwirika ndithu, mzere wosanduka chinthu. Kusiyana kwake n'kwakuti wayayo amachita kutola, kotero seweroli limachepetsa zinyalala m'malo moziwonjezera, ndipo galimoto ikatha waya amawongoledwa n'kusanduka njinga kapena ndege. Mwana wotere amalakwitsa kambirimbiri, koma kusowa kwa waya kumamukakamiza kuganiza asanapinde. Chimene umphawi umaphunzitsa mokakamiza, mwini cholembera cha 3D ayenera kuchisankha mwa kufuna kwake.

Motero funso lija lili ndi yankho. Amene mzere wake wasanduka chinthu walowa m'gulu la amisiri, afune asafune, ndipo mmisiri amayankhapo pa chimene wapanga kufikira kumapeto kwake. Udindowu sutanthauza kuika cholembera pansi. Umatanthauza kubwezeretsa dala kamphata kamene makina adachotsa: kuyesera kaye ndi pensulo zimene pensulo ingathe, kusunga pulasitiki kaamba ka zimene zikufunadi thupi, kusonkhanitsa zidutswa m'malo mozisesera panja, ndiponso kudzifunsa kumene chinthucho chidzakhale chikadzatha kusangalatsa. Umatanthauzanso kukumbukira chifukwa chimene cholemberachi chidapangidwira. Dilworth ndi Bogue sadali kufuna njira yochulukitsira zinthu. Adali kufuna kupulumutsa ntchito ya maola 14 kuti isatayidwe chifukwa cha mzere umodzi. Ndi cholembera chomwechi munthu atha kumata chidole chothyoka, kutseka mng'alu wa chivindikiro kapena kubwezeretsa kachigwiriro kamene kadaduka, chinthu chimene chikadatayidwa n'kugwiranso ntchito zaka zina. Luso la wogwira cholemberachi lidzaoneka pa kukongola kwa zimene wapanga, koma nzeru zake zidzaoneka pa zimene adasankha kuzisiya papepala ndi zimene adazikonza m'malo mozitaya.