Kodi Zonyansa za Mzinda Ziyenera Kutayidwa Pakhomo pa Yani?

MZINDA uliwonse umatulutsa zonyansa, ndipo ziyenera kutayidwa kwinakwake. Koma kodi ndani amasankha malowo, nanga ndani amasenza mtolo wake?

Talingalirani za Harare, likulu la Zimbabwe. M'nthaŵi ya atsamunda, makomboni ambiri a anthu akuda anamangidwa kumadzulo ndi kummwera chakumadzulo kwa mzindawo. Malo aakulu oyeretsera madzi a m'zimbudzi alinso kumbali yomweyo: Firle, pafupi ndi Glen View, ndi Crowborough, pafupi ndi Kuwadzana. Ndiponso makomboni oterowo ndiwo amavutika koposa mipope ya zimbudzi ikaphulika. Kolera wa mu 2008 ndi 2009, amene anapha anthu oposa 4,000 m'dzikolo, anakantha kwambiri Budiriro. Mu 2018 anabukanso ku Glen View ndi Budiriro.

Ena anganene kuti malo otayako zonyansa amapindulitsa onse, chotero wina ayenera kupirira. Zimenezo nzoona. Komabe, kodi nchilungamo kuti opirirawo nthaŵi zonse akhale osauka, ndipo asafunsidwe nkomwe? Mu 2022, mabungwe a nzika anadandaula kuti anthu sanafunsidwe za pangano la zaka 30 lopereka dzala la Pomona, kumpoto kwa mzindawo, kwa kampani ya Geogenix BV.

Ndime 73 ya malamulo aakulu a Zimbabwe a mu 2013 imapatsa aliyense ufulu wokhala pamalo osawononga thanzi. Komatu ufuluwo ngwopanda pake ngati munthu amva za dzala magalimoto a zinyalala atafika kale. Woyenera kumvedwa choyamba ndiye mayi amene ana ake adzapuma utsiwo ndi kumwa madzi a pachitsime chapafupi.