Dzina la Mulungu pa Tsamba Loyamba la Malamulo a Dziko

M'Malawi muno msonkhano suyamba popanda pemphero, kaya ndi wa makolo pasukulu, wa komiti ya mjigo kapena wa aphungu ku Nyumba ya Malamulo. Nyimbo ya fuko nayo imayamba ndi pemphero. N'chifukwa chake ambiri amadabwa akatsegula malamulo oyendetsera dziko a 1994 n'kupeza kuti mawu oyamba, amene amatsogolera magawo onse, satchula Mulungu ngakhale kamodzi.

Mawuwo ndi ochepa, sadzaza n'komwe theka la tsamba. Olankhulamo ndi Amalawi eni ake. Akuvomereza kuti moyo wa munthu ndi wopatulika komanso kuti anthu onse pansi pano ndi amodzi. Akuti chowatsogolera ndi chikumbumtima cha aliyense payekha ndi nzeru za onse pamodzi. Akufuna umoyo wabwino ndi chitukuko cha onse, mgwirizano pakati pawo, mtendere ndi mayiko ena, ndi boma lochita zinthu poyera, losankhidwa ndi anthu, loti anthuwo akalifunsa liyankhe. Mulibe chilango cha wakuba, mulibe zaka zimene pulezidenti ayenera kulamula. Ntchito ya mawu oyamba ndi kunena amene akupangana, kumene achokera, ndi chimene akufuna kuti panganolo liwachitire.

Amene analemba malamulowa sanali anthu osapemphera, ndipo njira yonse yofikira ku 1994 inalambulidwa ndi mipingo. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, yodzudzula kumanga anthu popanda mlandu ndi kuwatseka pakamwa. Boma linati kalatayo ndi youkira, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anapitikitsidwa m'dziko. Chaka chomwecho kunabadwa Public Affairs Committee, mmene munakumana Akatolika, a CCAP, Aangilikani, Asilamu, maloya ndi amalonda. Riferendamu ya pa 14 Juni 1993 inabwera chifukwa cha khama la anthu amenewa. Akanafuna kuti dzina la Mulungu likhale pa mzere woyamba, panalibe amene akanawatsutsa mokweza.

Komatu chimene Amalawi anachisowa zaka makumi atatu zam'mbuyomo sanali mapemphero. Dr. Kamuzu Banda ankadziwika kuti ndi mkulu wa mpingo wa Church of Scotland, ndipo misonkhano yake inkatsegulidwa ndi abusa. Malamulo a 1966 anali ndi nsanamira zake zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Chosowa chinali malo oti munthu akane chimene mtima wake ukukana. Pakhomo la msika ndi pokwerera basi pankaima anyamata achipani, ndipo mayi wosenza dengu la tomato ankayenera kulitula kaye n'kumasula mfundo ya chitenje kuti aonetse khadi. A Mboni za Yehova anakana kugula khadiyo chifukwa cha chikhulupiriro chawo. Mu 1967 boma linaletsa chipembedzo chawo, ndipo mu 1972 anthu awo zikwizikwi anathawa, nyumba zitatenthedwa, ena kupita ku Sinda Misale ku Zambia, ena ku Mozambique. Chiletsocho chinatha mu 1993. Munthu wodziwa mbiri imeneyi akawerenga za chikumbumtima cha aliyense payekha pa tsamba loyamba la malamulo, amadziwa kuti mawuwo anagulidwa ndi misozi ya anthu enieni.

Zambia inatenga njira ina. Pa 29 Disembala 1991, patangotha miyezi iwiri chilowereni m'boma, Frederick Chiluba analengeza ku State House kuti Zambia ndi dziko lachikhristu. Mu 1996 chilengezocho chinalowa m'mawu oyamba a malamulo, ndipo powakonzanso mu 2016 anachisunga, n'kuvomerezanso ukulu wa Mulungu Wamphamvuzonse, koma n'kusunganso mawu akuti ufulu wa aliyense wopembedza monga afunira sudzaphwanyidwa. Mipingo ya chipentekoste inasangalala. Maepiskopi a Katolika sanakondwe nazo, ndipo mfundo yawo inali yoti dziko limakhala lachikhristu ndi ntchito zake, osati ndi chilengezo. M'kati mwa malamulo omwewo muli gawo lonena kuti Zambia ndi dziko la zipembedzo zosiyanasiyana. Bilu yotchuka ndi dzina loti Bill 10 inafuna kufufuta mawu amenewa, koma inagwa mu Okutobala 2020 italephera kupeza magawo awiri mwa atatu a aphungu.

Mfundo ya ofuna dzina la Mulungu si yopepuka, ndipo kuinyoza n'kulakwa. Iwo amati boma losavomereza kuti pali wina woposa ilo limayamba kudziyesa mulungu. Ajeremani anaganiza chomwecho mu 1949. Atatuluka m'manja mwa Hitler, anatsegula malamulo awo povomereza kuti ali ndi udindo pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa anthu. Kumeneko kunali kudzichepetsa kwa mtundu umene unaona boma likudzitenga ngati mwini moyo ndi imfa.

Koma kuvomereza kuti boma lidzayankha kwa wina n'kosiyana ndi kulembera dziko lonse m'kaundula wa chipembedzo chimodzi. Choyambacho chimamanga manja a olamula. Chachiwiricho chimagawa nzika, ena kukhala eni nyumba, ena alendo oloredwa kugona pakhonde. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu m'Malawi ndi pafupifupi 14 mwa anthu 100 alionse, ndipo m'maboma a Mangochi ndi Machinga ndiwo ochuluka. Pulezidenti woyamba kulamula pansi pa malamulo a 1994, Bakili Muluzi, ndi Msilamu. Anasankhidwa pa 17 Meyi, malamulo n'kuyamba kugwira ntchito mawa lake. Mawu oyamba amalankhula m'dzina la anthu onse, choncho ayenera kukhala oti shehe wa ku Namwera, m'busa wa ku Nkhoma, wa Gule Wamkulu ku Dedza ndi munthu wosapita kulikonse angawanene popanda kunama.

India inakumana ndi funso lomweli mu Okutobala 1949, pamene H. V. Kamath anapempha kuti mawu oyamba ayambe m'dzina la Mulungu. Nthumwi 41 zinavomereza, 68 zinakana, ndipo ambiri mwa okanawo anali opembedza. Poland, dziko la Akatolika ambiri, inapeza njira yapakati mu 1997 potsatira ganizo la Tadeusz Mazowiecki: mawu oyamba amatchula nzika zokhulupirira Mulungu monga gwero la choonadi ndi chilungamo, komanso nzika zosakhulupirira zimene zimapeza zomwezo kwina, n'kuti onsewo ndi ofanana. Olemba a ku Malawi anafika pafupi ndi pomwepa. Kunena kuti moyo ndi wopatulika ndi chilankhulo cha kutchalitchi ndi kumzikiti, koma wosapembedza nayenso angachivomere.

Ena amati zonsezi n'zokometsera chabe, popeza palibe amene amamangidwa pophwanya mawu oyamba. Makhoti a mayiko ena sanaone choncho. Khoti lalikulu la India linati mu 1960 mawu oyamba si mbali ya malamulo, koma mu 1973, pa mlandu wa Kesavananda Bharati, linasintha maganizo n'kugamulanso kuti aphungu sangagwetse maziko a malamulo ngakhale atachuluka bwanji. Ku France, mu 1971, bwalo loona za malamulo a dziko linakana lamulo lofinya ufulu woyambitsa mabungwe potsamira pa mawu oyamba.

M'Malawi lonjezo la chikumbumtima linalembedwanso m'gawo 33, mmene muli ufulu wa chipembedzo ndi maganizo, ndipo pamenepo ndi pamene munthu angaimire kukhoti. Lonjezolo limayesedwa kwenikweni pa timagulu tochepa, tosakondedwa ndi ambiri. Kwa zaka zambiri ana a Chirasta ankabwezedwa pa geti la sukulu za boma pokhapokha atameta tsitsi lawo lopotana, limene kwa iwo ndi mbali ya chipembedzo. Mu Meyi 2023 Khoti Lalikulu ku Zomba, pamaso pa Justice Zione Ntaba, linagamula kuti mchitidwewu ukuphwanya malamulo oyendetsera dziko, ndipo linalamula unduna wa zamaphunziro kuti ulembere sukulu zonse za boma kuti anawo azilandiridwa m'kalasi ndi tsitsi lawolo.