MIYALA YOTSAMIRANA

Abale okondedwa a ku Phalombe, inu amene mukhala patsinde pa Michesi ndi Mulanje, miyala muidziwa bwino. Simunaiwale caka ca 1991, pamene napolo anatsika m'phiri, nagubuduza miyala yaikuru, nafotsera midzi ndi anthu omwe. Mwala woyenda wokha ndi wakupha. Koma lero tinene za mwala wogwidwa ndi dzanja la mmisiri.

Ku Cambridge, m'dziko la England, kuli kacisi wa King's College, amene mfumu Henry VI anamuyamba m'caka ca 1446. Amisiri oyamba anafa osaona tsindwi lace. Pambuyo pace John Wastell anayala tsindwilo ndi miyala yosema yokhayokha, yoyanzika monga masamba a mgwalangwa, nalitsiriza mu 1515. Ndipo liripo kufikira lero. Kwathu kunonso, ku Blantyre, David Clement Scott, wosaphunzira za mamangidwe, pamodzi ndi anthu a dziko lino, anaumba njerwa, namanga St Michael and All Angels kuyambira 1888 kufikira 1891, ndi makhomo ace okhota ngati uta.

Nanga cigwira miyala m'mwambamo nciani, popeza pansi pace palibe mzati? Tamverani. Mmisiri ayamba waimika mitengo yocirikiza, nasanja miyala pamwamba pace, uwu kutsamira uwo, kufikira alowetsa mwala wotsiriza pakatikati. Pamenepo acotsa mitengo ija. Kulemera komwe kukadagwetsa miyalayo ndiko kuipanikiza pamodzi, ndipo iima.

Cotero ndi Eklesia. Aphunzitsi amene anatiyambitsa m'Mau a Mulungu anali mitengo yocirikiza. Ambiri anacotsedwa kale. Tsopano cioneke ngati tatsamirana. Koma m'midzi mwathu alipo Akristu osalankhulana cifukwa ca malire a munda. Alipo wina waleka kusonkhana cifukwa sanamsankhe ukulu wa mpingo. Iwe mbale, uti, Ndine kamwala kakang'ono, ndani adzazindikira kuti ndacoka? Dziwa kuti ukaguluka iwe, mnzako wotsamira pa iwe ayamba kugwedera, ndi wina pambuyo pace.

Ndipo usadandaule pokusema Mbuye. Mwala wokana sompho sulowa m'tsindwi. Utsala pabwalo, nupunthwitsa anthu.

Cifukwa cace Sabata lisanafike, pita kwa iye amene unayambana naye, nimuyanjane. Mulungu, Mmisiri wamkuru, atisanje ife tonse mwa Kristu, kuti ana athu akapeze mthunzi pansi pathu. Amen.