Kodi Tikuthamangira Kuti?



Ndiyamba ndi funso laling'ono, ndipo muyankhe mumtima mwanu, osati kwa ine. Pa Swala ya Magharibi ya dzulo, Imamu anawerenga Sura iti pa raka yachiwiri? Ambiri a ife tinalimo mumzikiti, tinaima pa mzere, tinati Amina pamodzi ndi anzathu, koma funso limeneli latikanika. Thupi linali pa mkeka, mtima unali kugombe kuwerengera mtengo wa usipa, kapena unali m'thumba momwe munali foni. Za kulandiridwa kwa Swala yotere adziwa ndi Allah yekha, ine sindiweruza. Chondiopsa ine n'chakuti moyo wonse wa munthu ukhoza kutha chomwecho, munthu alipo koma palibe.

Musandimve ngati ndikuti kale kunalibe ntchito. Makolo athu ankapalasa bwato ndi nkhafi usiku wonse, ankayenda pansi ulendo wa masiku awiri, ndipo amayi ankasinja pa mtondo. Ife tili ndi injini, tili ndi njinga zamoto za kabaza, tili ndi chigayo, tili ndi foni. Chilichonse mwa izi chinabwera ndi lonjezo lotipatsa nthawi. Nanga nthawi imene tinapulumutsayo ili kuti? Taonani m'mene imathera. Injini imafuna petulo, petulo amafuna ndalama, ndalamazo ndi zangongole, ndipo ngongole imafuna kuti bwato lipite pamadzi ngakhale mwera ukuwomba. Foni nayo yachotsa mpanda umene unalipo pakati pa msika ndi nyumba. Kale wogula nsomba ankakupeza kugombe basi. Lero amakupeza pa mphasa uli kudya ndi ana ako, amakupeza pakhomo pa mzikiti, amakudzutsa pakati pa usiku.

Inu anthu a kunyanja mukudziwa bwino kuposa ine chimene chimachitika pamene chinthu sichipatsidwa mpumulo. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa mpaka atakhwima. Ukachikoka pa nyengo imeneyo, wapha nsomba imodzi ndi mtundu wonse umene unali m'kamwamo. Ife amene tinali anyamata m'zaka za m'ma 1980 tikukumbuka chambo cha ku Malombe. Makoka a maso aang'ono anachuluka, madzi anasefedwa usana ndi usiku, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1990 chambo chinali chitasowa, kutsala kambuzi. Palibe amene ankafuna kuwononga nyanja. Aliyense ankangoti ndikapanda kugwira ine lero agwira mnzanga. Tsono yang'anani pa chilumba cha Mbenji, m'dera la mfumu Makanjira ya ku Salima. Kumeneko asodzi amachoka pachilumba mu Disembala ndipo sabwerera kufikira mu Epulo. Mlendo akhoza kuyesa kuti miyezi imeneyo yatayika chabe, koma asodzi ochokera kutali amathamangira komweko pa tsiku lotsekulira, chifukwa nsomba zimakhalako.

Ramadhani ndi nyengo yotseka nyanja ya mumtima. Kusala kunalamulidwa m'chaka chachiwiri cha Hijra, chomwe ndi 624, ndipo kuyambira pamenepo Msilamu amaletsedwa kuchokera m'bandakucha mpaka kulowa kwa dzuwa ngakhale zinthu zomwe zili halali. Madzi ndi ako, ali mumtsuko wako, khosi lauma, koma ukudikira. Kuno kwathu kudikirako ndi kwa maola 12, 13 kapena kuposerapo. Palibe foni kapena injini imene ingafulumizitse dzuwa. Wolemera ndi wosauka onse amayang'ana kumadzulo mofanana.

Onaninso kuti mwezi umenewu sudikira kuti tipeze mpata. Chaka cha mwezi chili ndi masiku 354, choncho Ramadhani imabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, ndipo pa zaka 33 imakhala itazungulira nyengo zonse. Imatipeza m'chisanu cha mwera, imatipeza m'kutentha kwa Okutobala, ndipo mu 2025 inatipeza mu Malichi, nkhokwe zili mbee, chimanga chisanaume m'munda. Amene amati ndidzadekha ntchito zikadzachepa, mweziwu ukumuyankha kuti tsiku lotere kulibe.

Koma ife ndife anthu ochenjera. Mwezi wodekha tausandutsa mwezi wa piringupiringu kuposa miyezi yonse. Tarawehe timafuna mzikiti umene Imamu wake amamaliza msanga. Ena amafuna kumaliza Qur'an katatu kapena kanayi, lilime likuthamanga, osamvapo ngakhale liwu limodzi, pamene Buku lomwelo linatsitsidwa pang'onopang'ono kwa zaka 23. Mtumiki Muhammad (S.A.W.) asanalandire uthenga m'chaka cha 610, ali ndi zaka 40, ankachoka mu mzinda wa Makka, mzinda wamalonda, kukakhala yekha kuphanga la Hira. Atakhala mtsogoleri ku Madina, ali ndi milandu, alendo ndi nkhondo pamutu pake, ankapatulabe masiku khumi omaliza a Ramadhani kukhala itikafu mumzikiti. Ndani mwa ife angati ali ndi zochita zambiri kuposa iye?

Pali nkhani yodziwika ya munthu wina amene analowa mumzikiti, naswali mofulumira, nabwera kudzapereka salamu kwa Mtumiki (S.A.W.). Anamubweza kuti akaswalinso. Anaswali chimodzimodzi, anamubwezanso, mpaka katatu. Munthuyo atapempha kuti aphunzitsidwe, phunziro lake linali lakuti pa ruku akhazikike, poweramuka aime chilili, pa sijida akhazikike, pokhala pansi akhazikikenso. Kukhazikika kumeneku maulama amakutcha tumaanina, ndipo ambiri a iwo amati popanda iko Swala siikwanira. Tiyeni tiwerengere ngati anthu amalonda. Swala zisanu za faradhi zili ndi maraka 17. Mutawonjezera mphindi imodzi pa raka iliyonse, mwataya mphindi 17 pa mphindi 1,440 za tsiku. Mphindi zotere timazitaya pokangana za mpira popanda kudandaula. Komabe timajompha pa mkeka ngati nkhuku pa chimanga.

Tsopano ndikumva wina akuti, "Shehe, inu mukulankhula chifukwa simupita pamadzi. Ine ndikakhala pansi ana agona ndi njala." M'bale wanga, mawu akowo ndi oona, ndipo sindiwapeputsa. Mlovi (amene amagwira ntchito pa bwato la mnzake) sasankha nthawi yopita ku kauni. Mayi woyanika usipa pa thandala akaona mitambo ayenera kuthamanga. Chisilamu sichiphunzitsa ulesi, ndipo amene agona usana wonse kuti asamve njala, n'kumati ndadekha, akungodzinyenga. Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndipotu pali zinthu zimene tinalamulidwa kuzichita mwachangu. Dzuwa likalowa timasule msanga, maliro tisawagoneke popanda chifukwa, ngongole tibweze tikangopeza, tikalakwa tilape lero lomwe.

Choncho funso si lakuti manja akufulumira kapena ayi. Funso ndi lakuti mtima uli pomwe pali manjawo kapena wapita kale kwina. Msodzi wodziwa ntchito akamasoka khoka manja ake amathamanga, koma maso ali pa diso lililonse la khokalo. Ameneyo ndi wodekha ngakhale ali pa liwiro. Wina wakhala phee pa khonde, koma mutu wake ukuzungulira pakati pa Joni, ngongole ndi mauthenga a pa WhatsApp. Ameneyo akuthamanga ali chikhalire. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nkhonoyo kawirikawiri imakhala mwana wako amene wakhala akufuna kukuuza kanthu kwa sabata yonse.

Ndilankhuleko ndi abambo. Kudekha kwathu m'mwezi uno nthawi zambiri kumalipiridwa ndi anthu ena. Ife tikakhala mumzikiti pambuyo pa Asri ndi tasbihi m'manja, mayi ali pa moto, nayenso akusala, akusenda chinangwa, akusinja nsinjiro za futali, akuphika phala, mpunga ndi ndiwo ziwiri, kenaka adzadzukenso usiku kukonza daku. Adhana ikamveka iye ndiye womaliza kukhala pansi. Kodi Ramadhani inabwerera amuna okha? Mtumiki (S.A.W.) ankathandiza ntchito za pakhomo pake, izi n'zodziwika. Chepetsani mbale zimene mumafuna pa kumasula, tumani anyamata akatunge madzi ndi kuwaza nkhuni, kuti mkazi wanu naye apeze mpata wokhala pansi ndi Mbuye wake.

Sindikukupatsani malamulo ambiri. Mukamapita kumzikiti yendani bwinobwino ngakhale Swala itayamba, chimene mwachipeza swalini, chimene chakudutsani mukwaniritse, pakuti umu ndi m'mene tinaphunzitsidwira. Pa nthawi yomasula foni ikhale m'chipinda. Wogula nsomba amene sangadikire theka la ola adzaimbanso.

Zimene ndalembazi ndadzilembera ndekha poyamba. Ramadhani ina, zaka zingapo zapitazo, ndinamva kuti mwalimu amene anandiphunzitsa alifu ndi bee ndili mwana akudwala. Masiku amenewo ndinali ndi darasa m'mizikiti itatu, misonkhano, ndi kusonkhanitsa Zaka ya Fitiri. Ndinakwera kabaza, ndinamuuza mnyamatayo kuti andidikire panja, sindichedwa. Ndinawapeza atagona pa mphasa, atawonda kwambiri, koma anandizindikira. Anandigwira dzanja nayamba kundiuza za mtengo wa mango umene anabzala kuseri kwa madrasa, kuti pali kanthu kena kamene akufuna ndidzachite pamenepo. Foni inalira. Ndinayankha, ndinaimirira, ndinawachitira duwa yaifupi, ndi kuwalonjeza kuti ndibweranso ikapita Idi tidzacheze bwino. Anandiyang'ana, nati chabwino mwanangu, pitani, muli ndi ntchito.

Anamwalira kutatsala masiku awiri kuti tiswali Idi. Tsiku la maliro ndinasiya darasa, ndinasiya msonkhano, foni ndinazima, ndipo ndinakhala pamudzipo kuyambira m'mawa mpaka Magharibi. Palibe chimene chinawonongeka chifukwa cha kusowa kwanga. Pochokera kumanda ndinazungulira kuseri kwa madrasa. Mtengo uja ulipo, waukulu ndithu, ana amakhala pansi pake ndi mabuku awo. Ndinafunsa ana awo ndi akulu a pamzikiti ngati mwalimu anawauzapo za mtengowo, koma onse anati sanamvepo kanthu.